Mbali Yachitatu

6 Januwale

Mng'ono wanga Kaputeni,

Ndikhulupirira uli bwino kumadzi uko, ndiponso kuti chifuwa chija chinakusiya. Kuno tilipo, ine ndi mwana wako Kabatani. Kalata yako yomaliza inafika pa 2 Disembala, ine ndinayankha pa 4. Chiyambire pamenepo kuli zii. Sindikudandaula, ndikungokukumbutsa.

Usaope, ulendo uno sindikupempha ndalama. Ndikupempha mutu wako.

Kabatani walowa chaka cholemba mayeso omaliza a sekondale. Mayendedwe ake ukuwadziwa: wapansi, kupita ndi kubwera, tsiku ndi tsiku. Akamafika kusukulu phunziro loyamba limakhala litapita, akamafika kuno amagonera pabuku. Tsopano sukulu yamaliza kumanga hositelo ya atsikana, ya mabedi 30 okha, ndipo itsegulidwa pa 20 Epulo. Malo akupereka kwa okhawo amene kwawo n'kutali kupitirira makilomita 6.

Nditamva ndinasangalala, poti panjira ndi 8. Koma ahedi akuti za msewu sakuwerengera, chifukwa makolo ena ayamba kale kuphatikizamo ndi kokhota kodzera kwa azakhali. Akufuna mtunda wolunjika, ngati utakoka ulusi kuchokera pakhomo pathu, pashopu pano, mpaka pageti la sukulu. Kholo lililonse lipereke pepala losonyeza mtundawo ndi mmene laupezera, isanakwane 12 koloko masana pa 31 Marichi.

Ulusi umenewo ndiukoka bwanji ine? Pakati pathu ndi sukulu pali mpanda wa fakitale ya njerwa, kuseri kwake kuli dambo. Tepi yanga yautelala imathera pa mainchesi 60. Ndamufunsa Kabatani, poti masamu ndi ake, koma akungoti, "Tiona, Bambo." Katatu konse yankho lomwelo. Sindikumumvetsa. Chimwalirire amayi ake sanayambe wandiyankhapo mwaulesi chotere.

Iwe umayenda panyanja popanda msewu, koma umadziwa pamene uli. Ndiphunzitse. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale, ndiye ulembe ngati ukulembera mwana.

China. Ukapeza singano zamaboo aakulu kumeneko unditumizireko. Za masiku ano akuboola timaboo tating'ono, kaya akusunga chitsulo. Babu ya mushopu nayonso yafooka.

Ndine mkulu wako.

21 Januwale

Achimwene,

Ndili bwino, chifuwa chinathawa. Koma ndikuuzeni kangati kuti sindine kaputeni? Ntchito yanga ndi kukoka zingwe, kupala dzimbiri, ndi kugwira chiwongolero akuluakulu akamamwa khofi. Poti mwandikweza udindo, malipiro ake muzitumiza ndinu.

Nkhani yanuyo ndi yosavuta. Sitima ikayenda mbali imodzi, n'kukhota, n'kuyenda mbali ina, timafuna kudziwa kuti tatalikirana bwanji ndi doko limene tachokera. Kuyenda n'kwina, kutalikirana n'kwinanso. Msewu wanu uli chimodzimodzi: wowongoka kuchokera pashopu mpaka pamphambano, kenako wowongoka kuchokera pamphambano mpaka kusukulu. Mbali ziwiri tili nazo kale. Ulusi wanuwo ndi mbali yachitatu.

Mu sutikesi yanga yachitsulo, pansi pa bedi, muli kampasi yokulungidwa m'sokosi. Imani nayo pakhomo, mutayang'ana kumene msewu ukulowera. Itembenuzeni mpaka kamuvi kofiira kakhale pa chilembo N, ndiko kumpoto. Ndiye werengani nambala imene yaloza msewu. Manambalawo amayambira kumpoto n'kumazungulira ngati mivi ya wotchi mpaka 360. Nambala imeneyo timaitchula kuti beringi. Mukachitenso chimodzimodzi pamphambano, mutayang'ana msewu wa kusukulu. Musayandikire chitsulo chilichonse, kampasi imakonda chitsulo kuposa choonadi.

Munditumizire manambala anayi: kutalika kwa misewu iwiriyo, ndi maberingi awiri. Zotsalazo zimatha ndi lamulo la kosaini, limene Kabatani amalidziwa kuposa ine. Mumuuze kuti Bambo aang'ono akuti "tiona" si nambala.

Mawa tikunyamuka ndi katundu, tibwerera padoko lino pakati pa Febuluwale. Kalata yanu ndidzaipeza ikundidikira.

Singano ndikufunirani. Koma achimwene, singano zachepa maboo liti?

Ndine mng'ono wanu wokoka zingwe.

5 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 21 Januwale inafika pa 1 Febuluwale. Kabatani anandiwerengera, poti zilembo zako zili ngati nyerere zathiridwa madzi.

Kampasi ndinaipeza. Poyamba ndinaima nayo mkati mwa shopu, ndipo kulikonse ndikatembenuka kamuvi kankaloza makina osokera. Nditatuluka panja kanayamba kuloza thumba langa. Munali sizasi. Mayi a saluni, oyandikana nafe aja, anaseka mpaka kusiya kasitomala mutu uli hafu.

Kutalika kwa misewu anandithandiza ndi adalaivala a lole ya njerwa, amene ndimawasokera maovolosi. Tinayenda pa 2 ndi pa 3 Febuluwale, akuyang'ana mita ya galimoto, ndipo maulendo onse awiri zinafanana. Manambala a pakampasi anawerenganso ndi iwowo, titaima kutali ndi lole monga unanenera. Nawa:

Pashopu mpaka pamphambano, makilomita 3, beringi 040.
Pamphambano mpaka pageti la sukulu, makilomita 5, beringi 100.

Ndinamupatsa Kabatani manambalawa madzulo a pa 3. Sanachedwe nawo. Ndikukopera monga anandiuzira, mzere ndi mzere.

3 kuchulukitsa ndi 3 ndi 9. 5 kuchulukitsa ndi 5 ndi 25. Pamodzi 34.
100 kuchotsa 40 ndi madigiri 60. Akuti kosaini wa 60 ndi theka.
2 kuchulukitsa ndi 3, kenako ndi 5, ndi 30. Theka lake 15.
34 kuchotsa 15 ndi 19.
Nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imapereka 19 ndi 4.36.

Ndiye akuti sitikukwana. Makilomita 4 ndi kanthu, pamene akufuna opitirira 6.

Zophatikiza ndi zochulukitsa ndazibwereza ndekha, zili bwino. Za kosainizo ndilibe nazo mawu. Koma mtima ukukana, mng'ono wanga. Pamphambano paja munthu umangokhotera kumanja pang'ono, subwerera m'mbuyo. Nanga 8 watsika bwanji mpaka kuchepera msewu wachiwiri wokha? Nditanena zimenezi anati, "Bambo, masamu sayendera mtima." Ndinamusiya. Wophunzira ndi iyeyo.

Chandidabwitsa n'chakuti sanadandaule. Mwana amene ankalota za hositelo chaka chonse chatha, tsiku limenelo ankasita mayunifolomu a makasitomala akuimba.

Taonanso iwe. Ndikudikira.

Ndine mkulu wako.

19 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Moni. Unati pakati pa Febuluwale. Pakati papita. Ku positi ofesi ndapita pa 14, pa 16 ndi lero. Bambo a pawindo paja ayamba kupukusa mutu ndisanafike n'komwe.

Lolemba kunagwa mvula. Kabatani anafika kusukulu atanyowa, mayeso oyeserera a masamu atayamba kale, ndipo sanamulowetse. Aphunzitsi ake alemba kakalata koti zikapitirira chonchi iwo sangalonjeze kanthu pa mayeso aakulu. Anandiwerengera yekha, ngati akuwerenga za mwana wa eni.

Ine ntchito sikugwirika. Ndikakhala pamakina ndimadzuka, ndikadzuka ndimakaima pakhomo kuyang'ana mpanda wa fakitale uja. Dzulo ndinayesa kuuzungulira kuti mwina ndingaone denga la sukulu. Ndinangobwerako ndi matope. Thalauza la adalaivala ndasoka thumba mozondoka, Kabatani wachita kusomola.

Ndamva kuti makolo 22 apereka kale mapepala awo. Mabedi ndi 30.

Ngati wapeza kuti mwana walondola, ingondiuza, ndileke kuzungulira. Ngati wadwala, undiuzenso.

Ndine mkulu wako.

24 Febuluwale

Achimwene,

Pepani! Injini inatikanika, tinakhala sabata yathunthu tikuyandama ngati chigubu. Tafika dzulo, ndapeza kalata yanu ya pa 5, ndipo ndikulemba ndisanavule n'jombo zomwe.

Mtima wanu walondola. MTUNDA NDI MAKILOMITA 7. Mukukwana, ndi kilomita yapamwamba.

Cholakwika chili pamodzi pokha. Madigiri 60 aja ndi oona, koma ndi mmene munthu amakhotera akafika pamphambano. Lamulo la kosaini silifuna amenewo. Limafuna ngodya yamkati, ya pakati pa misewu iwiriyo. Taganizani mwaima pamphambano. Dzanja limodzi lozani kumbuyo, kushopu. Lina lozani kusukulu. Manja anu atambasuka kwambiri, si choncho? Tiyeze. Popita munkaloza 040, ndiye poyang'ana kumene mwachokera mukuloza 40 kuphatikiza 180, ndiye 220. Kusukulu ndi 100. Pakati pa 220 ndi 100 pali 120. Ngodya yake ndi imeneyo.

Kosaini wa 120 ndi theka lomwe lija, koma la mainasi. Lamulo limati chotsa, ndipo ukachotsa chinthu cha mainasi ndiye kuti waphatikiza. Musandifunse chifukwa chake, ine anandiphunzitsa ndi mkulu wina wa pasitima pano, ndipo sitinasocherepo. Choncho 15 uja sachoka pa 34, amawonjezereka. 34 ndi 15 ndi 49. Ndipo 7 kuchulukitsa ndi 7 ndi 49. Mwaona kukongola kwake? Palibe ndi kadontho komwe.

Mmene anawerengera Kabatani zili ngati munthu wafika pamphambano n'kukhota mobwerera chakumbuyo. Njira imeneyo ikanamufikitsa m'dambo, osati kusukulu.

Koma chikundizunguza mutu n'chakuti msampha umenewu ndi wa ana ongoyamba kumene. Kabatani amene ndimamudziwa ine, uja ankandikonza chenji ali ndi zaka 8, sangagweremo. Kapena kuyendaku kwamutopetsa kuposa mmene tikuganizira. Mumuuze alembenso bwinobwino, ajambule ndi chithunzi chake, inu musayine, mukapereke mawa lomwe. Musadikire 31.

Ndayika singano zamaboo aakulu, paketi imodzi. Mundiyankhe kuti pepala mwapereka.

Ndine mng'ono wanu.

9 Marichi

Mng'ono wanga,

Moni. Kalata yako ya pa 24 Febuluwale inafika pa 7 Marichi. Tathokoza Mulungu kuti injini yokha ndiyo inadwala. Singano zafika, zikomo, ngakhale maboo ake sakusiyana kwenikweni ndi akuno.

Kabatani anandiwerengera. Ndamva kuti nawenso wapeza 4.36, ndiponso kuti ukuti tisavutike kukapereka pepala. Chabwino. Anthu awiri ophunzira akagwirizana, telala anganenenji. Ndasiya. Kampasi ndaibwezera m'sokosi yake.

Chimodzi chokha. Kalata yako inali ya mapepala atatu, ndinawagwira ndi manja anga, koma kuwerenga kwake kunatha ndisanamalize kusoka batani limodzi. Nditafunsa anati zambiri zinali za injini. Iwe ndi mainjini ako.

Tsopano ndikuganiza za njinga, kapena kumupezera chipinda kwa anthu pafupi ndi sukulu, ngakhale mtima sukundilola mwana wamkazi kukhala kwa anthu osawadziwa. Iye akuti zonsezo n'zosafunika, ayenda monga amayendera, ndipo mayeso akamuvuta adzalemba chaka chamawa. Chaka chamawa ndinachinenapo inenso, ndili ndi zaka 13, mpaka lero sichinafike.

Kalatayi akaponya ndi iyeyo mawa popita kusukulu.

Ndine mkulu wako.

10 Marichi

Bambo aang'ono,

Ndatsegula envelopu ya Bambo kuti ndiikemo kapepalaka. Mukwiye, koma muyambe mwawerenga.

Mukuganiza kuti kosaini wa 120 sindimudziwa? 7 ndinamupeza tsiku lomwelo, m'mutu, ndikutsuka mbale. Kalata yanunso ndinaiwerenga yonse, kungoti mokweza ndinawerenga zina.

Inu muli kutali, simukuona. Bambo maso akutha. Si babu. Babu asintha katatu. Diso lamanzere lachita mtambo woyera, lamanja layambanso. Ulusi pamakina ndimaika ndine m'mawa uliwonse ndisananyamuke, n'chifukwa chake ndimachedwa, si msewu wokha ayi. Ulusi ukaduka masana amakhala osasoka mpaka ndibwere, makasitomala n'kumauzidwa kuti makina atentha. Miyeso ya m'buku ndimawawerengera ndine. Mizere ya choko ndimaikuza ndine usiku woti adula mawa. Mwezi watha anadzisoka chala, n'kundiuza kuti chitseko chawapana. Kulemba amalemba okha chifukwa dzanja likudziwa njira, koma zimene alembazo sangaziwerenge.

Makasitomala sakudziwa. Akadziwa apita kwa telala wa kumsika, ndiye Bambo adzatsala ndi chiyani? Shopu ija ndi moyo wawo. Iwo sanena, ine sindinena, ndipo zinthu zikuyenda.

Ndiye mukuti ndikagone kuhositelo, pabedi labwino, magetsi ali ngwee, iwo atsale okha ndi sizasi? Mayeso amabwera chaka chilichonse. Bambo ndi amodzi.

Chonde musawauze. Mukawauza 7 andithamangitsira kumeneko tsiku lomwelo, mukuwadziwa. Pa 31 pakangodutsa nkhani yatha. Mukafuna kuyankha, lembani za injini.

Mwana wanu,
Kabatani.

19 Marichi

ACHIMWENE,

M'ENVELOPUMU MULI KATONI.
YEZANI NDI TEPI YANU.
INCHESI IMODZI NDI KILOMITA IMODZI.
MBALI ZIWIRI NDI MISEWU.
YACHITATU NDI ULUSI WANU.
YEZANI NOKHA.

KAPEPALA KOPINDA AKA N'KA KABATANI.

Mwana wanga,

Apa ndalemba zilembo zing'onozing'ono dala, poti ndi zako. Kalata yako ndaiwerenga nditakhala pa mulu wa zingwe, ndipo anzanga anandifunsa ngati kwagwa zovuta kumudzi.

Zimene wandiuza za maso sindinawauze Bambo ako. Zimenezo ndi za inu awiri. Koma nambala sindingawanamize. Anandifunsa funso limodzi, anayenda ndi lole kawiri, analowa m'matope, ndipo yankho ndi lawo. Ndadula katoni ka bokosi la sopo, mainchesi 3 ndi 5, pakati madigiri 120. Ukudziwa chimene apeze.

Sindikukukalipira. Ukanakhala wanga wobereka ndikanayenda chodzitukumula padoko lonse lino. Koma tamvera. Iwe sindiwe magalasi a Bambo ako. Mtambo ukunenawo ndi ng'ala, ndipo ng'ala amachotsa kuchipatala. Wophika wathu pasitima pano anamuchotsa ng'ala m'maso onse awiri, lero amaona ndi tsitsi lomwe mu supu, chinthu chimene kale sankachiona ngakhale timuonetse. Chimene chikuwachedwetsa Bambo ako kupita kuchipatala ndi chakuti zinthu zikuyenda. Zikuyenda chifukwa cha iwe. Waona pamene pali ngodya?

Za chipatala zisiye kwa ine. Kontirakiti yanga ikutha mu Juni, ndibwera. Iwe lemba 120.

Bambo ako aang'ono.

1 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni. Ukhululuke mizere ikakwerana.

Envelopu yako inafika pa 30 Marichi. Ndinakatenga ndekha, Kabatani ali kusukulu. Zilembo zako zazikulu zija ndinaziwerenga nditaima pawindo. Aka n'koyamba chaka chino kuwerenga kalata ndi maso anga.

Katoni ndinakayala patebulo lodulira. Tepi yanga ndimaidziwa ndi chala, sindifunika kuiona kwambiri. Mbali yoyamba, 3. Yachiwiri, 5. Yachitatu ndinayeza, n'kuchotsa tepi, n'kuyezanso. Kenako ndinaitana mayi a saluni.

"Mayi, tandionerani apa pathera tepi."

"Seveni, a telala. Mwayamba kusokera mbewa?"

Ndinatulutsa kalata yako ya pa 24 Febuluwale ija, ndinati andiwerengere yonse. Anawerenga ataimirira, chipeso chili m'tsitsi. Za injini zinali mizere iwiri yokha. Atamaliza anandiyang'ana, nati, "A telala, ine nkhani ya maso anu ndinaidziwa kalekale. Mumandipatsa moni kawiri m'mawa umodzi. Mzere wonse uno ukudziwa. Timangokulemekezani."

Ndinakhala pansi. Ndinkayesa ndabisa.

Kabatani atafika anaona katoni patebulo, tepi ili pambali pake. Anaima pakhomo osavula chikwama. Ndinamupatsa kapepala kake, kamene sindinapemphe munthu kundiwerengera. Anawerenga, nakapinda, nati, "Ndiphike?"

Ndinati, "Yamba wandiikira ulusi pamakina."

Anaika, kamodzi n'kamodzi.

"Tsopano uchotse."

"Bwanji, Bambo?"

"Uchotse."

Anauchotsa. Ndinautenga ine, ndinaunyowetsa pamlomo, ndinayesa. Unadutsa pambali. Ndinayesanso. Ndinayesa mpaka mkono unatopa, iye ataima pomwepo. Atatambasula dzanja kuti andithandize ndinati ayi.

"Waona? Sindikuona. Si babu, si singano. Ndanena ndi pakamwa panga, ndiye palibenso choti uzindibisira."

Apo m'pamene analira, mwaukali, ngati ndamulanda chinthu. "Ndiye mukuti ndipite bwanji? Mukadzicheka? Makasitomala akathawa?"

Mayi a saluni anayankha ali kuseri kwa khoma, poti khoma lija ukulidziwa, ndi la pulayiwudi. "Athawire kuti? Wa kumsika uja amaona bwino koma amasoka ngati akuthamangitsidwa. Ulusi ndizidzaika ine. Ndimaluka timangongo ta ana osakhazikika, ndilephere singano yoti yangoima?"

Kabatani anaseka ali m'kati molira. Ine ndinati, "Mwana wanga, wandisunga, ndathokoza. Koma wandisunga ngati nsalu ya m'kabati, yosadulidwa. Tenga pepala."

Anati, "Ndilemba mukalonjeza za chipatala. Tsiku lake, osati tiona."

Ndinalonjeza Lachisanu. Analemba. Anajambula misewu iwiri, mivi yoloza kumpoto, 120 pakati, 49 pansi, 7 atamutsekera m'bokosi. Ndinasayina pamene anandiikira chala.

Dzulo, pa 31, adalaivala anati atitenga 9 koloko. Anafika 11 itadutsa, lole itadzaza njerwa, ikuyenda ngati ikupita kumaliro a mdani wake. Pamphambano tinapeza ng'ombe zatseka msewu. Ine ndinkangofunsa nthawi, mpaka adalaivala anavula wotchi n'kumupatsa Kabatani kuti aziyankha ndiye. Pageti tinatsika lole isanaimitsitse. Mu ofesi tinalowa kutatsala mphindi 10.

Ahedi anaitana aphunzitsi a masamu. Iwo anayang'ana pepala, nayang'ana Kabatani. "Zoona zonse. Ntchito ya mphindi zisanu kwa iwe imeneyi. Miyezi itatu munali kuti?"

Kabatani anayang'ana pansi. Ndinayankha ndine. Ndinati, "Tinakhota molakwika pamphambano, aphunzitsi."

Bedi lake ndi la nambala 29.

Ndine mkulu wako.

23 Epulo

Mng'ono wanga Kaputeni,

Moni. Sindinalandire yankho la kalata yanga ya pa 1 Epulo, koma ndikudziwa kuti uli pamadzi. Ukayankha, ulembe zilembo zazikulu zija. Ndazikonda.

Kuchipatala ndinapita Lachisanu lija monga ndinalonjezera. Ndi ng'ala. Ya diso lamanzere aichotsa pa 12 Meyi, ya lamanja pambuyo pake. Adokotala anafunsa chifukwa chimene ndinachedwera. Ndinati ndinkasintha mababu.

Kabatani anapita pa 20. Tsiku loti anyamuka mawa lake anatenga singano zako zonse zija, naika ulusi iliyonse, nazibaya pa kapilo motsatana: zoyera kumanzere, zakuda pakati, zabuluu kumanja, kuti ndizingotola posoka mabatani ndi mipendero. Anati azibwera Loweruka lililonse kudzaikanso. Ndinakana. Ndinati abwere kumapeto kwa mwezi basi. Tinakangana mpaka pa lole. Sindikudziwa amene wapambana, tiona Loweruka.

Ulusi wa pamakina akuika mayi a saluni. Amabwera ndi nkhani za mzere wonse, ndiye ntchito ya kamphindi imatenga theka la ola. Zodula zikuluzikulu ndayamba ndaimitsa mpaka diso litachira. Ndawauza makasitomala chifukwa chake chenicheni. Awiri apita kumsika. Ena onse akuti adikira.

M'nyumba muli zii. Nthawi imene ankafika ija ndimapezeka ndaima pakhomo, kenako ndimakumbuka, n'kubwerera pamakina. Pakapita kanthawi ndaimanso.

Katoni kako ndakapachika pamsomali wa tepi, pamodzi ndi mapatani a makolala. Makasitomala akumafunsa kuti ndi patani ya chovala chanji. Ndikumangoti ndi ya mwana wanga, ndipo inamukwana.

Ndine mkulu wako.